Cipolopolo ca Coyote Si ca Nguluwe

Ambili a ife amene timagona na foni m'manja taonapo mavidiyo aja ocokela ku Texas. Ni usiku, kamela yoona kutentha kwa thupi ikuonetsa tinthu toyela tikuyenda-yenda m'munda wa cimanga, mfuti ikulila, tinthu tuja tikumwazikana, tina tikugwa. Nthawi zina ni helikopita imene ikupitikitsa gulu la nkhumba zakuthengo pa cigwa. Nthawi zina ni mnyamata wabisala pa kaphili, akuliza kacipangizo kolila ngati kalulu wovulala, mpaka coyote atulukila patali. Vidiyo imathela pamene nyama yagwa. Siyionetsa ija imene inalasidwa pa phewa n'kuthawila m'citsamba kukafa patapita masiku atatu, ndipo siyionetsa zimene zimabwela kudzadya mtembo alenje akapita.

Zinthu ziwili izi, nyama yovulala na mtembo wosiyidwa, zimadalila kwambili pa cosankha cimene munthu amapanga ali m'shopu, asanafike n'komwe kuthengo: kodi agula cipolopolo ca mtundu wanji? Ife tikuona kuti alenje a ku America amene amati "ni nyama zoononga izi, ciliconse cingaphe" amalakwitsa, ndipo cifukwa cake n'cosavuta kumva olo kwa munthu amene sanagwilepo mfuti.

Tiyambe na nyama zake. Coyote ni m'bale wa galu, wofananako na nkhandwe yathu koma wokulilapo. Ambili amalemela makilo 10 mpaka 20. Cikopa cake n'copyapyala, nthiti zake n'zing'ono-zing'ono, ndipo cifuwa cake n'copapatiza moti mungacikumbatile na manja awili. Kale anali nyama ya m'zigwa za pakati na kumadzulo kwa North America, koma manje amapezeka kucokela ku Alaska mpaka ku Panama, ngakhale m'mizinda ngati Chicago na Los Angeles. Alimi oweta nkhosa amadana naye cifukwa amagwila ana a nkhosa na tithole.

Nkhumba zakuthengo ni nkhani ina. Tizichula nguluwe kuti tisavutike, ngakhale kuti si mtundu umodzi na nguluwe zimene zimafukula mbatata m'minda ya ku Petauke kapena ku Lundazi. Za ku America ni zidzukulu za nkhumba zoweta zimene azungu a ku Spain anabwela nazo m'zaka za m'ma 1500. Hernando de Soto anatsika nazo ku Florida mu 1539. Pambuyo pake anthu olemela anabweletsa nguluwe za ku Europe kuti azizisaka, zina zinathawa m'mipanda n'kukwelana na zoweta zija. Lelo zilipo zoposa 6 miliyoni, m'zigawo zoposa 30 za United States, ndipo Texas ndiyo ili na zambili. Boma la dzikolo lakhala likukamba kuti zimene zimaononga, pamodzi na ndalama zolimbana nazo, zimaposa madola 1.5 biliyoni pa caka. Yaikulu imalemela makilo 35 mpaka 115, zina kuposa pamenepo. Ndipo yamphongo ikakula imamela cikopa cokhuthala, colimba ngati tayala, kuyambila pa khosi mpaka kuseli kwa mapewa. Alenje akumeneko amacichula shield. Cimateteza nyamayo ku mano a anzake zikamamenyana. Pamwamba pake pamakhala ubweya wolimba na matope ouma. Mtima na mapapo zili pansi komanso kutsogolo, zobisika kuseli kwa phewa lomwelo.

Ndiye ganizilani: nyama imodzi ni yopepuka ngati thumba laling'ono la ufa, ina ni yolemela ngati matumba awili a feteleza ndipo yavala cishango. Cipolopolo cimodzi cingagwile bwanji nchito zonse ziwili?

Anthu ambili akamakangana za mfuti amakangana za maina na manambala: .223 Remington, .22-250, .243 Winchester, .308 Winchester, 6.5 Creedmoor. Manambala awa amakamba za kukula kwa cipolopolo na kuculuka kwa onga umene uli kumbuyo kwake. Koma cimene cimafika pa nyama ni kamutu kokha kamene kamauluka, ndipo mmene kamutuko kanapangidwila ndiye nkhani yaikulu. Timitu tambili tili na mtovu mkati, kunja takutidwa na cikhungu ca mkuwa. Kusiyana kuli pa kukhuthala kwa cikhunguco na mmene cagwilila mtovu.

Cipolopolo ca coyote, monga V-Max ya kampani ya Hornady, cimapangidwa dala kuti ciphwanyike. Cikhungu cake n'copyapyala, kutsogolo kuli kansonga ka pulasitiki kamene kamakankhila mkati cikagunda cinthu. Kulemela kwake amakupima na muyeso wochedwa grain, ndipo cofala ni ca 55 grain, kutanthauza magalamu atatu na theka cabe. Cimacoka mu .223 pa liwilo la pafupi-fupi mamita 1,000 pa sekondi, ndipo mu .22-250 cimaposa pamenepo. Cikalowa m'cifuwa ca coyote cimasweka mkati momwemo, mphamvu yonse imathela pa mapapo, nyama imagwa pomwepo. Amene amagulitsa zikopa amacikonda cifukwa nthawi zambili cimasiya kabowo kamodzi kakang'ono. Olima pafupi na nyumba za anthu amacikonda cifukwa cikaphonya n'kugunda nthaka, kawili-kawili cimasweka m'malo modumpha n'kupitilila.

Tengani cipolopolo comweco, muombele naco nguluwe yamphongo pa phewa. Cidzacita ndendende zimene anacipangila: cidzasweka. Koma cidzaswekela pa matope, pa cikopa cokhuthala cija na pa fupa, cisanafike pa mtima. Cotsatila cake ni cilonda cacikulu, cosazama, pa nyama imene idakali na mphamvu zothamanga. Mafuta na cikopa zimatseka bowo, magazi sadontha kwambili, moti olo mlenje afune kuilondola, palibe colondola. Imakafa pang'ono-pang'ono na mafinya, kapena imacila n'kukhala yocenjela kuposa kale.

Vuto ili si lacilendo. Mu 1946, John Nosler wa ku Oregon anali kusaka nyama yaikulu yochedwa moose ku British Columbia. Nyamayo inali itadzola matope, ndipo zipolopolo zake zinali kuswekela pa phewa osaloŵa. Atabwelela kwawo anapanga cipolopolo cokhala na khoma la mkuwa pakati: mbali yakutsogolo imatambasuka, yakumbuyo imakhalabe yathunthu n'kupitiliza ulendo. Anayamba kucigulitsa mu 1948 na dzina lakuti Partition, ndipo mpaka lelo cili pa msika. Ena anapeza njila yomatila mtovu ku cikhungu kuti zisalekane. Colinga n'cimodzi: cipolopolo citambasuke ngati bowa, koma cisataye thupi lake, cidutse fupa n'kufika pamene pali moyo. Kwa nguluwe yaikulu, .308 yokhala na cipolopolo cotele ca 150 grain, pafupi-fupi magalamu 10, ndiye cida coyenela. Olo .223 imapha nguluwe, ndipo ku Texas ambili amaisewenzetsa, koma pokhapo ngati kamutu kake ni kolimba komanso woombelayo akudziwa polasa.

Mbali inayo nayonso ili na vuto lake, ngakhale ni locepelapo. Cipolopolo colimba ca nguluwe cikagunda coyote cimatha kudutsa cisanatambasuke bwino, n'kupitiliza ulendo na mphamvu zambili kuloza kumene kuli ng'ombe kapena nyumba ya neba. Ngati munthu ali na ndalama ya bokosi imodzi cabe ndipo adzakumana na nyama zonse ziwili, asankhe colimba, cifukwa colimba cimapha coyote, pamene cophwanyika cimavulaza nguluwe. Koma kugula mabokosi awili n'kuyesa lililonse pa pepala asanapite kuthengo si cinthu covuta kwa munthu amene wakwanitsa kugula kamela ya usiku ya madola masauzande.

Pali mtundu wacitatu umene umakopa anthu cifukwa ni wochipa: zipolopolo za asilikali, zokutidwa na mkuwa mpaka kunsonga, zimene sizinapangidwe kuti zitambasuke. Apa pali cinthu codabwitsa. Mu 1899, maiko anasainilana ku The Hague kuti pa nkhondo asamasewenzetse zipolopolo zotambasuka m'thupi la munthu, cifukwa zimapanga zilonda zoopsa. Kwa alenje lamulo limayenda mozondoka: zigawo zambili za America zimaletsa zipolopolo zosatambasuka posaka nyama ngati agwape, cifukwa zimavulaza m'malo mopha msanga. Koma nguluwe na coyote m'malo ambili siziwelengedwa m'gulu la nyama zotetezedwa na malamulo otele. Ku Texas mungazisake caka conse, usana na usiku, popanda malile a ciwelengelo. Kuyambila mu 2011 munthu angalipile mpando mu helikopita kuti akaombele nguluwe, ndipo kuyambila mu 2019 safunikanso laisensi posaka nguluwe pa famu ya munthu ngati mwini wake walola. Pamene lamulo lakhala cete, catsala ni cikumbumtima ca wogwila mfutiyo.

Ndipo apa m'pamene timasiyana na aja okamba kuti nyama yoononga siyifunika cifundo. Mlimi amene wadzuka m'mawa n'kupeza munda wonse wafukulidwa timamumvetsa bwino, ambili a ife tili na agogo kumudzi amene amagona m'msasa kulondela cimanga. Sitikukamba kuti nguluwe zisaphedwe. Ku America n'zobwela, zimadya mazila a mbalame na a akamba a m'nyanja, zimaipitsa mitsinje, zimafalitsa matenda ku ziweto. Ziyenela kucepetsedwa. Koma dzina lakuti "yoononga" tinaipatsa ndife, silisintha mitsempha ya nyamayo. Nguluwe yothyoka phewa imamva ululu mofanana na gwape wothyoka phewa. Ndipo olo munthu atakhala wouma mtima, masamu akewo samuthandiza: nguluwe yovulala imene yapulumuka idzabelekabe, ndipo idzaphunzitsa ana ake kuopa magetsi na phokoso la galimoto.

Manje tifike pa nkhani imene alenje ambili safuna kumva, ya mtovu.

Cipolopolo ca mtovu cikagunda nyama pa liwilo lalikulu cimasiya tizidutswa tambili-mbili, tina tating'ono kwambili moti maso sangatione, dzino silingatimve. Mu 2008, dokotala wina wa ku North Dakota, William Cornatzer, anaunika na makina a ku cipatala nyama ya agwape imene alenje anapeleka kuti ithandize osauka, ndipo anapeza tizidutswa ta mtovu m'mapaketi ambili. Caka comweco, a nthambi yoona zacilengedwe ku Minnesota anayesa zipolopolo zosiyana-siyana pa mitembo ya nkhosa. Anapeza kuti zophwanyika msanga zinali kumwaza mtovu mpaka masentimita 45 kucokela pamene cipolopolo cinadutsa. Nguluwe zambili zimene zimaphedwa ku Texas na ku Florida zimathela mu soseji, ndipo makina ogayila nyama amasakaniza zonse. Soseji imeneyo amadya ni ana a mlenje yemweyo.

Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa na mzungu kuti mtovu umacita ciani. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana a ku Kasanda, Chowa na Makululu akupezekabe na mtovu woculuka m'magazi cifukwa ca fumbi limene amasewelelapo. Umaononga ubongo wa mwana mwakacetecete, ndipo a World Health Organization amakamba kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ni wosavulaza. N'zoona kuti mbale ya soseji si cimodzi-modzi na kukhala pafupi na mulu wa zinyalala za mgodi. Koma munthu wocokela ku dziko limene laona zimenezi savutika kumvetsa cifukwa cake suyenela kuika mtovu dala m'cakudya pamene njila ina ilipo.

Coyote sadyedwa, ndiye ena amati pamenepo palibe vuto. Vuto lilipo, ndipo mwina n'lalikulu kuposa, cifukwa cipolopolo ca coyote ndiye cija cimene cinapangidwa kuti ciphwanyike kothelatu, ndipo mtembo wake nthawi zambili umasiyidwa pomwepo. Cimodzi-modzi na nguluwe zoombeledwa pa helikopita, zimene zambili palibe amene amazitola. Amabwela kudzadya ni makwangwala, ziombankhanga na miimba. Mimba za mbalame izi zili na asidi wamphamvu amene amasungunula mtovu mosavuta. Muimba waukulu wa ku America, California condor, unatsala pang'ono kuthelatu: mu 1987 panali 27 cabe pa dziko lonse, ndipo yonse inagwidwa kuti ikabelekane m'malo osungila nyama. Itabwezedwa kuthengo, ofufuza anapeza kuti mtovu wa zipolopolo ndiwo unali kupha yambili mwa imene imfa yake inadziwika. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022, wa ziombankhanga zoposa 1,000 za m'zigawo 38, anapeza kuti pafupi-fupi theka zinali na zizindikilo zakuti zakhala zikudya mtovu mobweleza-bweleza. Imodzi mwa mitundu iwili imene anapima ni bald eagle, mbalame ya pa cidindo ca dziko lawo, m'bale wake weni-weni wa nkhwazi yathu ya pa mbendela. Kuno kum'mwela kwa Africa, ofufuza ku Botswana anapezanso kuti miimba imakhala na mtovu wambili m'magazi m'nyengo yosaka komanso m'madela osakilamo nyama.

Njila ina ija ni mkuwa. Inde, timu yathu ya mpila imachedwa Chipolopolo, ndipo m'Cizungu amati Copper Bullets, koma ambili a ife sitinaganizilepo kuti zipolopolo za mkuwa wokha-wokha zilikodi. Kampani ya Barnes inayamba kugulitsa cochuka kwambili mu 1989. Kutsogolo kwake kuli kabowo, cikagunda nyama cimatseguka ngati duwa, koma cimasunga pafupi-fupi kulemela kwake konse. Kwa nguluwe, cimeneci ndiye cimene mukufuna: cimadutsa cikopa cokhuthala na fupa, kawili-kawili n'kutulukila mbali inayo, kusiya magazi olondola. Apa munthu sakusinthanitsa ubwino wa cida na cifundo kwa mbalame, wapeza zonse pamodzi.

Otsutsa ali na mfundo, ndipo tisazibise. Mkuwa ni wodula kuposa zipolopolo wamba za mtovu, ndipo kwa munthu amene amaombela nguluwe 30 usiku umodzi, ndalamayo imamveka. Mkuwa ni wopepuka kuposa mtovu, conco cipolopolo ca kulemela kofanana cimakhala cacitali, ndipo mfuti zina zakale za .223 na .22-250 sizicizungulitsa mokwanila kuti ciuluke moongoka. Cimafunikanso liwilo kuti citseguke, ndiye patali kwambili cingathe kuboola cabe ngati msomali. Mayankho ake alipo: kusankha copepukilapo kuti cithamange, kuyesa pa pepala, na kusaombela patali mopitilila. Kwa coyote kuli zipolopolo zophwanyika zopanda mtovu, zopangidwa na ufa wa mkuwa wopanikizidwa. Koma ena amatsutsa pa cifukwa cina, cakuti lamulo lililonse lokhudza zipolopolo amaliona ngati khomo lolandila anthu mfuti. M'dziko limene nkhani ya mfuti ni ya ndale zoopsa, mantha amenewo ali na mphamvu. Komabe America yomweyo inaletsa mtovu posaka abakha na atsekwe mu 1991, ndipo anthu akusakabe abakha. California inaletsa mtovu pa kusaka kwa mtundu uliwonse kuyambila pa 1 July 2019. Ku Arizona anasankha njila yofewa: amapatsa alenje a m'dela la ma condor zipolopolo za mkuwa kwaulele, ndipo ambili amavomela. Ife tikuona kuti njila ya Arizona ndiyo ingafike patali m'malo ngati Texas, kumene mau akuti "lamulo" amatseka makutu a anthu msanga.

(Tisanaiwale: wina asawelenge izi n'kuganiza zokayesa ku Kafue kapena ku Luangwa. Kuno kusaka popanda cilolezo ca Department of National Parks and Wildlife kumathela ku ndende, ndipo mfuti yopanda laisensi ni mlandu wina pawokha.)

Cotsala ni cimene mavidiyo aja sangakuuzeni, cifukwa cingaononge malonda. Olo mutasankha cipolopolo cabwino kwambili pa dziko, simungathetse nguluwe na mfuti. Yaikazi imayamba kubeleka isanakwanitse caka, imabeleka ana asanu kapena asanu na mmodzi, nthawi zina kawili pa caka. Akatswili amati muyenela kupha pafupi-fupi ziwili mwa zitatu zilizonse caka na caka kuti ciwelengelo cingokhala pamene cili. Mukaombela gulu la 20 n'kugwetsa zitatu, zotsalazo zimamwazikana n'kuyamba kuyenda usiku wokha-wokha. Coipa kwambili n'cakuti kusaka kukakhala bizinesi, pamapezeka anthu onyamula nguluwe pa lole n'kukazitulutsa kumene kunalibe, kuti nawonso akhale na zosaka. Ndiye cifukwa cake Missouri mu 2016 inaletsa kusaka nguluwe pa malo a nthambi yake yosamalila zacilengedwe, n'kuuza anthu kuti akaziona angopeleka lipoti. Coyote nayenso waombeledwa, wachelewa misampha na kupatsidwa poizoni kwa zaka zoposa 100, ndipo dela lake langokulila-kulila.

Cimene cimagwila nchito kwa nguluwe ni khola lalikulu la waya. Amathilamo cimanga kwa masiku angapo mpaka gulu lonse lizolowele, amaika kamela, ndipo citseko amacigwetsa na foni pamene yomaliza yalowa. M'mawa munthu amabwela na kamfuti kakang'ono ka .22, amaima pafupi, n'kulasa iliyonse kamodzi mu ubongo. Pa mtunda wa mamita ocepa, polasa pamutu pa nyama imene singathawe, kacipolopolo kamene kakanangovulaza nguluwe m'munda ndiko koyenela, ndipo ka .308 kangadutse n'kukagunda waya kapena nkhumba ina pamimba.